Ambulera m'Mimba mwa Agogo

Bambo anga sadziwa kunong'ona. Si kuti safuna ayi, amayesa ndithu, koma Mulungu powaumba anaiwala kuika kabatani kochepetsera mawu. Tili ana, akati atitsine khutu kuti kwabwera alendo tisamalize shuga, alendowo ndiwo ankayamba kuyankha ali pabalaza kuti, "Musavutike, ife timamwa wopanda shuga." Amayi ankangogwira kumutu. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma a Ababa sagonera, amakupeza pomwepo ngakhale uli kubafa.

Mawu amenewa ndiwo anatilera. Ababa anagwira ntchito yolengeza pa siteshoni ya sitima kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza m'mutu. Ankakhala m'kachipinda ka magalasi pamwamba pa malo ogulitsira matikiti, kutsogolo kuli maiki, kumbali kuli fulasiki ya tiyi, n'kumauza anthu kuti sitima ichedwa. Sitimayo inkachedwa tsiku lililonse, choncho ntchito sinkasowa. Magetsi akazima ankangotsegula zenera n'kupitiriza, ndipo apaulendo ambiri sankazindikira n'komwe kuti pasintha kanthu. Onyamula katundu ndiwo anawapatsa dzina loti a Chimkuza, kufupikitsa chimkuzamawu, ndipo mpaka lero mumsewu mwathu mukafunsa dzina lawo lenileni anthu akuyang'anani ngati mwasochera.

Chimene ambiri sadziwa n'choti mtima wawo sunali pa sitima. Iwo ankafuna kukhala wa zisudzo. Ali mnyamata anapita kukayesedwa ku wailesi ina, pa sewero la mlungu ndi mlungu, atabwereka jekete kwa msuweni wawo. Anangoyankhula mzere umodzi, singano ya pamakina n'kukagunda kumapeto, ndipo bambo amene anavala zomvera m'makutu anazivula n'kuziponya patebulo. Anawauza mwaulemu kuti adzawaitana. Nkhani imeneyi Ababa amaikamba moseka, koma ine ndine mwana wawo woyamba, ndimadziwa pamene kuseka kwawo kumathera.

Anapuma pantchito chaka chimene pasiteshoni anaika makina okhala ndi mawu a mayi wina otepedwa kale, mayi amene sadwala chimfine ndiponso sapempha tchuthi. Pasanapite nthawi Amayi anatisiya. Nyumba ija inawakulira Ababa, ndiye ndinawatenga kuti azikhala nafe: ine, mwana wanga wamkazi, ndi bambo a mwanayo amene amayendetsa malole ndipo amaoneka pakhomo mwa apo ndi apo ngati mlendo. Ndinkaopa kuti Ababa afota ndi maliro. Koma anapezana ndi Kansapato.

Kansapato ndi mwana wangayo. Dzinali anamupatsa ndi agogo akewo, chifukwa atangoyamba kuyenda ankalowa m'nsapato zawo zakuda, zazikulu ngati mabeseni, n'kumakwekwereza nazo m'nyumba monse. Ababa akafuna kutuluka ankaima pakati pa balaza, manja m'chiuno, n'kufuula kuti, "Kodi nsapato zanga zili kutiii?" Ndiye kamawu kankachokera kuseri kwa chitseko kapena pansi pa tebulo: "Zili panooo!" Kenako kuseka, kunyamulana, kuzungulira mpaka onse chizungulire. Mwanayo atayamba sukulu ya mkaka, masewerawa anasamukira kugeti. Ine ndimaweruka mochedwa ku famase, shopu ya mankhwala, kumene ndimagwira ntchito, choncho okamutenga anali Ababa. Sankalowa mkati ngati makolo ena. Ankaima tsidya la msewu, pafupi ndi wogulitsa nyuzipepala, n'kufunsa funso lawolo, ndipo aphunzitsi ankangochotsa chikwama cha mwanayo pamsomali osasuzumira n'komwe panja.

Kansanje kankandigwira nthawi zina. Ife anatilera ndi "Ndani wasiya mpopi ukudontha?" koma mdzukulu akumuitana ngati akuimba nyimbo.

Tsopano za mlongo wanga wamng'ono, amene tonse timamutcha Pensulo. Ameneyu anayamba kujambula pakhoma asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo anakalipiridwa mokwanira koma sanasiye. Lero amajambula makatuni pa kompyuta, iye ndi anzake awiri, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala. Chimene chimawadyetsa ndi timakanema totsatsa sopo. Koma kwa zaka zambiri Pensulo anali ndi nkhani yakeyake ya ana, ya kamtsikana kokhala ndi kaambulera kofiira koyankhula, kamene kamakaulutsa kupita ku Dziko la Zotayika, kumwamba kwa mitambo. Kumeneko n'kumene kumapita zonse zimene zimasowa m'nyumba: sokosi imodzi, zivundikiro za mapoto, makiyi, mabatani. Ndipo kumeneko kuli chimphona, dzina lake Chimezazonse, chimene chimameza chilichonse chofika kuti chisabwererenso kwa eni ake.

A wailesi ina ya kanema anamuuza kuti apange gawo limodzi loyesera. Anati adzalionetsa Loweruka m'mawa, ndipo likadzayenda bwino adzamulola kupanga magawo ena onse. Mawu a kamtsikana anapeza kwa mtsikana wina wa kwaya. A kaambulera anayankhula yekha atatsina mphuno. Chimphona ndicho chinavuta. Anayesa anzake onse, ndipo onse ankangomveka ngati odwala pakhosi.

Anabwera kwathu Lamlungu masana n'kundipeza kukhitchini, akuzungulirazungulira nkhani ngati munthu wodzafunsira mbeta.

"Achemwali, mukuganiza kuti Ababa angalole?"

"Angalole? Iwe ukawauza lero, mawa uwapeza pakhomo pako usanatsuke m'kamwa."

"Komatu ndi chimphona. Chinthu choipa."

Ababa, amene tinkayesa akugona pampando, anayankhira pabalaza pomwepo. "Choipacho chimayankhula kangati?"

Tsiku lotepa mawu ndinali pa tchuthi, ndiye ndinawaperekeza. Situdiyo yake inali kachipinda kosungiramo katundu, kukhoma atamata matileyi a mazira, pachitseko atatsamiritsa matiresi. Ababa anavala jekete ndi tayi ngakhale Pensulo anali atawauza kuti palibe adzawaone. Pensuloyo anandifotokozera kuti pa makatuni mawu ndiwo amayamba. Amatepa mawu kaye, kenako n'kujambula pakamwa ndi nkhope motsatira mawuwo. N'chifukwa chake anaika kakamera koloza kwa Ababa, kuti adzaonere mmene nsidze zawo zimakwerera akamayankhula.

Poyamba zinavuta. Malo ake anali akuti chimphona chikufunafuna kamtsikana kamene kabisala m'phanga mwake, ndipo papepala panalembedwa kuti, "Tuluka, ndakuona kale." Ababa anawerenga bwinobwino, momveka, mwaulemu, ngati akulengeza sitima ya kumpoto.

"Ababa, chimphonachi sichikugulitsa matikiti," anatero Pensulo. "Tiyesenso."

Anayesanso. Sitima yomwe ija. Anayesanso. Thukuta linayamba kunyowetsa kolala. Ndinadziwa amene akumukumbukira: bambo uja wovula zomvera m'makutu. Chisoni chinandigwira, ndinafuna kuwauza kuti tiyeni tizipita.

Pensulo anawalanda pepalalo. "Iwalani zolembazi. Tsekani maso. Pali mwana wabisala, mukudziwa kuti ali pafupi. Muitaneni mmene mumaitanira mwana weniweni."

Ababa anatseka maso. Anaika manja m'chiuno. Mwana weniweni amene iwo amamuitana ndi mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi.

"Kodi nsapato zanga zili kutiii?"

Matiresi aja anagwa pansi. Mnzake wa Pensulo wa pamakina anagwira zomvera m'makutu zake, koma sanazivule, anangoyamba kuwomba m'manja. Pensulo analumpha.

"Basi! Chimphona ndi chimenecho! Tisintha nkhani, kamtsikana kabisale m'nsapato yake!"

Ababa anatuluka m'kachipindamo akupukuta kumaso, ndipo si thukuta lokha limene ankapukuta. Tonse tinaseka, tonse tinanyadira, ndipo pobwerera Ababa anandigulira ayisikilimu ngati kamwana. Chakudza sichiimba ng'oma.

Panapita miyezi Pensulo ndi anzake akujambula. M'miyezi imeneyo Ababa anauza wometa, anauza wogulitsa buledi, anauza ngakhale munthu wina amene anaimba foni atalakwitsa nambala.

Loweruka lija pabalaza panadzaza. Aneba anabwera ndi mipando yawo. Ababa anavalanso jekete ija n'kukhala kutsogolo, Kansapato ali pamiyendo pawo. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zinayi, msinkhu umene mwana amapereka moni kwa anthu a mu kanema n'kudandaula akapanda kuyankha.

Kunena zoona, mlongo wanga ali nalo dzanja. Mitambo inkaoneka yofewa, sokosi zinkauluka m'magulu, makiyi ankakangana okhaokha. Kaambulera kankayetsemula nthawi iliyonse kakamatseguka, ndipo Kansapato anakakonda pomwepo, anaseka mpaka kukoka tayi ya agogo ake. Kenako nthaka inagwedezeka, chimphona n'kutulukira. Aneba anafa ndi phwete, chifukwa nsidze zinali za Ababa, mimba ya Ababa, ngakhale kaimidwe kaja ka manja m'chiuno. Kamtsikana kanadumphira m'chinsapato chachikulu, kaambulera kali m'manja. Chimphona chinaima pakati pa phanga.

"Kodi nsapato zanga zili kutiii?"

"Zili panooo!" anayankha Kansapato mokondwa, akuloza ndi chala pa kanemapo.

Ndipo chimphonacho, ngati chamumva, chinatembenuka n'kupisa dzanja m'nsapato muja. Kamtsikana kanapulumukira pachibowo cha kuchidendene, koma kaambulera kanagwidwa. Kanalira, kanaitana mnzake. Chimphona chinakweza mutu, chinatsegula kukamwa, mezu! Kenako chinasisita mimba n'kugeya. Nyimbo inalira, mayina anayamba kukwera. Gawolo linathera pomwepo dala, kuti ana afune lina.

Anthu anawomba m'manja, ena kuwagwira chanza Ababa. Ine ndinkayang'ana mwana wanga. Anali atauma gwa. Pang'onopang'ono anakweza mutu n'kuyang'ana pakamwa pamene pankaseka pamwamba pa mutu wakepo. Kenako anayang'ana mimba imene anaitsamira. Anatsetsereka pansi mwakachetechete n'kubwera kudzabisala kuseri kwa siketi yanga. Sanalire, ndipo bola akanalira.

Lolemba Ababa anapita kugeti monga mwa masiku onse, akuyenda ngati munthu wotchuka. Anaima pafupi ndi wa nyuzipepala uja n'kufunsa funso lawo. Ana onse a pasukulupo balala! Kukuwa, kuseka, "Chimezazonse wabwera!" ena kuthamangira kumpanda kuti amuone bwino. Mmodzi yekha sanatuluke. Aphunzitsi anamupeza atadzipanikiza pakati pa kabati ndi khoma, ndipo anandiimbira foni kuti ndibwere ndekha.

Kuyambira tsiku limenelo Kansapato sankadutsanso pakati pa balaza agogo ake akakhalapo, ankayenda m'mbali mwa khoma. Patebulo ankadya atafungatira mbale. Chidole chake, kapu yake ndi burashi yotsukira mano ndinkazipeza m'chikwama changa cha kuntchito, atazibisa kuti zisamezedwe. Supuni ikasowa kukhitchini sankafunafuna, ankangoyang'ana mimba ya Ababa. Koma Loweruka lililonse m'mawa ankaima pachitseko cha balaza, theka mkati theka kunja, kudikira kuti aone ngati kaambulera katuluke.

Tinayesa kumufotokozera tonse. Ine ndinamuuza kuti ndi zojambula chabe, si Agogo. Bambo ake anamuuza zomwezo pafoni ali kumalire. Pensulo anabwera ndi laputopu n'kumuonetsa chimphonacho chili mizere yokhayokha, chisanapakidwe utoto. Mwanayo anayang'ana mwaulemu mpaka amalume ake atamaliza.

"Ndi Agogo," anatero. "Ndinawamva."

"Ayi mwanawe, taona, ndajambula ndine."

"Nanga kaambulera kali kuti?"

Pensulo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga.

M'mawa wina ndikumupesa tsitsi, anayankhula ali choweramira.

"Amama, ndine ndinawauza."

"Unawauza chiyani?"

"Kuti zili pano. Ndikanakhala chete sakanakapeza."

Chipeso chinandigwa m'manja. Ife tinkangoona mantha, osadziwa kuti kamwanako kasenzanso mlandu. Ndinamukumbatira, ndinamuuza kuti si choncho, koma mawu anga anali atatha mphamvu kale, poti ndinali m'gulu la onena kuti si Agogo.

Kunja funso lija linali litatchuka. Ana ankaliimba mumsewu posewera chibisalirano. Makondakitala ankalifuula poitanira anthu. Ababa, amene anadikira kutchuka moyo wawo wonse, ankalimva ali pakhonde n'kungoweramitsa mutu. Anayesa kamodzi kumunong'oneza mwanayo kuti wadzuka bwanji, koma kunong'ona kwawo mukukudziwa kale, ndipo mwanayo anathawira kubafa. Zitatero Ababa anasiyiratu kuyankhula mwanayo akakhala m'nyumba. Shuga ankachita kuloza. Nsapato zakuda zija anazitsekera m'kabati n'kumayenda ndi masilipasi, kuti asamveke ngakhale mapazi. Nyumba yathu inangoti zii, mpaka aneba a kumbali anabwera kudzafunsa ngati a Chimkuza agonekedwa kuchipatala.

Kusukulu tinapempha mayi wina woyandikana nafe kuti azimutengera limodzi ndi ana ake. Wa nyuzipepala ndiye anandiuza kuti Ababa amabwerabe tsiku lililonse. Amabisala kuseri kwa kanyumba kake, munthu wamkulu thupi lonselo, n'kumasuzumira mpaka mwanayo atawoloka msewu, kenako n'kutsatira patali. Ndinalira m'basi pobwerera kunyumba tsiku limenelo, ndipo sindinasamale kuti anthu akundiona.

Pensulo ankati tidikire. "Gawo lachiwiri likonza zonse, Ababa. Kaambulera kamatuluka, chimphona chimasanduka bwenzi. A kanema akangovomera, miyezi yowerengeka chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ili ndi zaka zingati?" anatero Ababa. Tinali panja, mwana ali kusukulu, ndiye anali ndi ufulu woyankhula. "Kwa mwana wa msinkhu uwu mwezi umodzi ndi chaka. Mukamamaliza kujambula adzakhala ataiwala kuti anali ndi agogo."

Yankho la a kanema linabwera pakati pa mlungu. Pensulo anafika madzulo dzuwa lisanalowe, mwana ali kutali kosewera ndi anzake, n'kukhala pansi pa sitepe ya kukhitchini osapereka moni. Anati ana alikonda gawolo, koma makolo ambiri adandaula kuti ana awo akukana kugona okha, ndiye abwana asankha kuika pulogalamu ya ana ovina. Gawo lachiwiri silidzakhalako. Ndinamumvera chisoni mlongo wanga, zaka zonse zija. Ndinawamveranso chisoni Ababa, poti zisudzo zawo zonse za moyo uno zinathera pa gawo limodzi. Ndinkayembekeza kuti akalipa mpaka a kanemawo amvere kuofesi kwawo komweko. Koma anangokhala ndwii, akuyang'ana masilipasi awo.

"Ndiye kuti kaambulera katsala mommuja?"

"Katsala, Ababa."

"Mpaka kalekale."

"Ee."

"M'mimba mwanga."

"M'mimba mwa chimphona, Ababa, osati..."

"Inu, siyani kumupusitsa mwana. Nonsenu mwakhala mukumuuza kuti si ine. Mwana amadziwa mawu a agogo ake. Ndine. Ndinameza ndine, ndipo ndibweza ndine." Anatembenukira kwa Pensulo. "Gawo lachiwirilo limayenda bwanji?"

Pensulo anafotokoza monyinyirika. Kaambulera kamatseguka m'mimba, chimphona chimadwala, kamtsikana kamalimba mtima n'kubwerera kuphanga kukakakoka.

"Chabwino. Mawa upite ukagule ambulera yaing'ono yofiira, uijambule maso. Loweruka m'mawa, nthawi yomwe ija, uzipezeka pano ndi mphuno yakoyo."

Nkhanga zinapangana kusanache. Ine ntchito yanga inali kuzimitsa kanema ndi kusaseka. Ndinawauzanso Ababa zimene mwanayo anandiuza pomupesa tsitsi.

Loweruka Kansapato anadzaima pamalo pake, pachitseko. Pa kanema panabwera ana ovina. Ndinazimitsa. Apo m'pamene anaona kuti pasofa pagona agogo ake, atavala juzi yawo yaikulu, mimba itatupa mbali imodzi n'kusongoka ngati ameza mpando. Anagwira siketi yanga ndi manja onse.

"Mayo ineee! Mimba yangaaa!" Magalasi a m'mazenera ananjenjemera koyamba patapita milungu, ndipo ine mtima unakhala m'malo. "Ndinamezeranji chinthu cha eni ake! Ndipo wina asaname kuti anandiuza pamene kanabisala. Palibe anandiuza! Ndinakamva ndekha kakuyetsemula m'nsapato!"

Dzanja limodzi la mwanayo linasiya siketi.

Kenako kuseri kwa sofa, kumene mlongo wanga wa ndevu zake anadzipinda pakati pa khoma ndi mawaya, kunachokera kamawu ka m'mphuno. "Ndithandizeni! Muno muli mdima! Ndili ndi sokosi ndi supuni, tonse tatopa!" Kanayetsemula.

"Amama," ananong'ona Kansapato, "kali moyo."

"Kali moyo."

"Katulutseni."

"Ine dzanja langa n'lalikulu, silingalowe."

Mwanayo anaima nthawi yaitali. Ababa anapitiriza kubuula, ndipo ndikuuzeni, bambo uja wa ku wailesi akanaona bwenzi atapepesa. Kenako mwanayo anasiya siketi. Anayamba ndi njira yake ya m'mbali mwa khoma, koma khoma silifika pasofa, ndiye anatsala ndi malo oti awoloke yekha. Anawoloka. Chogwirira cha ambulera chinkasuzumira pansi pa juzi.

"Agogo, tsekani pakamwa."

Ababa anatseka pakamwa n'kugwirapo ndi manja onse awiri.

Kansapato anagwira chogwiriracho n'kukoka. Chinakola mu ulusi wa juzi. Anaponda phazi pasofa, anakokanso ndi mphamvu zake zonse, ndipo ambulera inatuluka n'kutseguka yokha phaa, iye n'kukhala pansi ndi matako. Pambuyo pake panagwa supuni, sokosi imodzi ndi chivundikiro cha poto wanga wamng'ono, chimene ndinali nditachifunafuna dzulo lake lonse. Pensulo pofuna kuyetsemula komaliza anagunda mutu kukhoma, koma anapirira ngati mwamuna.

Kansapato anaitembenuza ambulerayo uku ndi uku, kuona ngati yalumidwa. Anaipukuta maso ndi diresi lake. Kenako anaimirira n'kuloza agogo ake ndi chala, mmene ine ndimamulozera iye.

"Musadzayambirenso."

Ababa anagwedeza mutu, manja ali pakamwa pomwepo, misozi ikuyenderera pa zala.

"Nenani pepani."

Ananena pepaniyo m'manja momwemo, komabe aneba anaimva. Mwanayo anatsinzina pang'ono, koma sanathawe. Anatola supuni ija n'kupita nayo kukhitchini, akudutsa pakati penipeni pa balaza.

Gawo lachiwiri ndi limenelo. Owonera analipo awiri, ine ndi mwana amene anaseweramoyo. Ana ena onse amene anaonera gawo loyamba Loweruka lija akudziwabe kuti kaambulera kali m'mimba mwa chimphona. Pensulo anabwerera ku sopo wake, koma ndaona kuti wayambanso kujambula mitambo m'mphepete mwa mapepala.

Lolemba lake ndinapempha kuweruka msanga kuti ndiwaperekeze Ababa kugeti, poopa kuti mwina za Loweruka zinathera Loweruka lomwelo. Anavala nsapato zakuda zija, atazipolisha mpaka kuwala. Tinaima pafupi ndi wa nyuzipepala. Ana atangowaona anathamangira kumpanda n'kuyamba kuwaimbira funso lija, wina mokweza kuposa mnzake. Ababa sanatsegule pakamwa.

Kansapato anatuluka atafunda ambulera yake yofiira, dzuwa likuswa mtengo. Aphunzitsi anamuwolotsa msewu. Anadzaima patsogolo pa agogo ake n'kuwayang'ana m'mwamba, akudikira. Iwo anangomutambasulira dzanja.

"Agogo, simunafunse."

"Funso lija linatha, mwanawe," anatero Ababa, ndipo ngakhale oyenda tsidya lina anatembenuka. "Ndinaligulitsa ndekha. Tamva, lakhala la aliyense."

Mwanayo anayang'ana anzake a kumpanda, anaganiza pang'ono.

"Funsani pansipansi. Iwo asamve."

Ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa kumeneko n'kupempha mvula kuti igwe osanyowetsa. Ababa anandiyang'ana ngati akupempha thandizo. Anagwada pansi, bondo likulira, n'kulowetsa mutu wawo waimviwo pansi pa kaambulerako. Wa nyuzipepala anatseka khutu limodzi ndi chala, pokonzekera. Ababa anaika pakamwa pafupi ndi khutu la mdzukulu wawo.

Ndinali chiimire pomwepo, mkono wanga ukukhudza ambulerayo. Ndinamva magalimoto, ndinamva ana a kumpanda, koma kwa bambo anga sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinangoona milomo yawo ikugwedezeka, kenako mwanayo akumwetulira n'kukokera khutu la agogo ake pafupi kuti ayankhe.